Kalata ya ku Lomasau

Nditatha miyezi khumi ndi umodzi ndikuyenda ndi envelopu m'misewu ya Suva, likulu la dziko lathu la zilumba, ndinali nditadziwana ndi alonda a maofesi pafupifupi onse. Ena ankandipatsa moni ndi dzina, ndipo wina anafika pomandisungira mpando pamthunzi akandiona ndikutulukira pakona. Digiri yachiwiri ndinali nayo, ya zamoyo za m'mphepete mwa nyanja, yokhomedwa bwinobwino pakhoma la achimwene anga a Peniasi ku Nasinu, kumene ndinkagona pabalaza. Mlamu wanga Sainimili ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo poipukutapo ankaifunsa ngati yapeza ntchito. Sanali woipa mtima ayi, koma nthabwala ikabwerezedwa sabata ndi sabata imayamba kuluma.

Mayankho a maofesi anali awiri basi. Ena ankati ndaphunzira kwambiri, sangakwanitse kundilipira. Ena ankati ndilibe luso la pantchito, ngati kuti lusolo munthu amalitola pamsewu. Ambiri sankayankha n'komwe, ndipo ndinafika powalemekeza amenewo chifukwa sankanditayitsa ndalama ya basi. Wodandaulira ndinalibe, poti sukuluyo ndinailira ndekha, ndipo walira mvula walira matope.

Ndiye bungwe lina losamalira magombe litandiitana ku intavyu, sindinauze munthu kunyumba. Ntchito yake inali ngati anaisoka atandiyeza thupi: zaka zitatu, kuyenda m'midzi ya kumene mtsinje wa Rewa umathira m'nyanja, kugwira ntchito ndi amayi ogwira nkhanu. Kafukufuku wanga anali wa zomwezo. Mkulu wa bungwelo, a Goundar, bambo wodekha wa imvi m'mbali, anandiuza mosabisa kuti tatsala awiri, ine ndi munthu wina wopanda digiri yachiwiri koma amene wagwira ntchito m'midzi zaka zisanu.

"Mapepala a kusukulu tawaona, ndi abwino," anatero a Goundar. "Koma ife tikufuna kumva kwa amayi amene munakhala nawo. Atilembere okha kuti ndinu munthu wotani. Kalatayo ifike pano Lachisanu."

Ndinayankha ndikumwetulira kuti zimenezo n'zosavuta. Nditatuluka ndinakakhala pa siteji ya basi. Panali patatha zaka zitatu ndisanapondeko ku Lomasau, mudzi umene ndinachitira kafukufukuyo, ngakhale foni yokha ndinali ndisanaimbe.

Ku Lomasau ndinakhalako miyezi isanu, m'nyumba mwa a Miliakere, wapampando wa gulu la amayi ogwira nkhanu. Anali mayi wamfupi, wamphamvu, wa zaka za m'ma fifite, ndipo pakamwa pawo panali lumo. Tsiku loyamba anayang'ana nsapato zanga zoyera n'kuuza anzawo kuti boma lawatumizira Pulofesa woti aphunzitse nkhanu kuwerenga. Dzina la Pulofesa linandikakamira kuyambira pamenepo. Madzi a m'nyanja akaphwa tinkalowa m'tiri, nkhalango ija yomera m'matope, ine ndikumira mpaka m'ntchafu, iwo akuyenda pamizu ngati ali pamsewu wa tala. Anandiphunzitsa kuona pakhomo pa una ngati mwiniwake alimo, kutsina nkhanu pachifuwa kuti ndidziwe ngati ili ndi mnofu kapena ndi madzi okhaokha, komanso makwawa amene amawasiya miyezi itatu osalowamo kuti zazikazi ziswe mwamtendere.

Koma a Miliakere sankanena kanthu osatchula kumene anakatenga. Ankayamba ndi mayina: ichi ndinamva kwa amayi anga a Unaisi, iwo anamva kwa azakhali awo a Vasemaca, amene anadzakwatiwa kuno kuchokera kutsidya. Amayi onse a kumeneko amatero. Kunena nzeru ya m'tiri osatchula mwini wake amakuona ngati kuvala nsalu ya mnzako n'kupita nayo kutchalitchi osamuuza. Ine zinkanditopetsa, ndisaname. Udzudzu ukundidya, ndikufuna yankho la funso nambala sikisi, munthu ali kalikiliki kundiwerengera anthu akufa. Komabe ndinkalemba, chifukwa ankaima n'kudikira mpaka aone cholembera chikuyenda.

Chimene iwo sankadziwa n'chakuti mayinawo ndinali nditawatsekera kunja ndisanafike n'komwe m'mudzimo. Kuyunivesite, usanapite kukafunsa anthu mafunso, umayamba wapempha chilolezo ku komiti yoona kuti kafukufuku asapweteke munthu. Pafomu yake panali timabokosi tiwiri, kena kobisa mayina a anthu ndi mudzi wawo, kena kowatchula ngati eni ake afuna. Mphunzitsi wondiyang'anira anandiuza kuti koyambako kamadutsa pa masabata awiri, pamene kachiwiriko kamadya miyezi itatu kapena inayi akungokubwezera mafunso. Thandizo langa la sukulu linali la zaka ziwiri zokha. Ndinachonga koyambako osaganiza kawiri. Lomasau anasanduka Mudzi B, amayi khumi ndi anayi anasanduka manambala, ndipo a Miliakere anakhala Mayi 9.

Kuthamanga sikufika: buku la kafukufukulo linanditengera zaka zitatu ndi theka. Mphunzitsi uja anabwerera kwawo ku Australia ndili pa mutu wachitatu. Wolowa m'malo mwake sanaukonde mutu woyamba, ndipo nditaukonza anadana ndi wachiwiri chifukwa sunkagwirizananso ndi woyamba watsopanoyo. Mutu wachinayi ndinaulemba kasanu. Atandiuza kuti mawu achuluka kupyola malire, choyamba kudula inali mizere yonse yonena kuti uyu anamva kwa amayi ake, uyu kwa azakhali ake, poti mphunzitsiyo anati siikuwonjezera kanthu. Pofika tsiku lolipereka, bukulo ndinkadana nalo, nkhanu ndinkadana nazo, ndipo ngakhale dzina la Lomasau sindinkafuna kulimva. N'chifukwa chake sindinabwerereko. Kunali kutopa, koma pansi pa kutopako panalinso kamanyazi kamene sindinkafuna kukayang'ana.

Lachitatu m'mawa ndinakwera basi ya ku Nausori, ndinagula mtolo wa yaqona, mizu yopangira chakumwa cha mwambo, pamsika kuti ndikapereke ulemu kwa akuluakulu, n'kukwera boti. M'chikwama ndinaikamo buku lija, la chikuto chakuda ndi zilembo zagolide. Ndinaganiza kuti munthu sapita kukapempha chimanjamanja, ndipo kuti akaona kulemera kwake andikhululukira kusowa kwanga. Akuluakulu a mudzi analandira yaqona, anawomba m'manja mwa mwambo, n'kundiuza kuti ndine mwana wa pakhomo. Zimenezo zinatha msanga. Pamene ndinkaopa panali pakhonde pa a Miliakere.

Ndinawapeza akumanga nkhanu ndi luzi, amayi ena asanu ndi mmodzi ali pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Pulofesa! Ife tinkati unafa, tinatsala pang'ono kukulira maliro. Kapena unakwatiwa ndi mzungu?"

"Ayi amayi, ngakhale mzunguyo sanandifune."

"Ndinakuuza ine, sukulu yambiri imathawitsa amuna. Taona mmene waondera, ngati nkhanu ya madzi okhaokha. Khala pansi udye."

Anandikumbatira ndi manja a matope omwewo. Ndinadya nkhanu yophika mu mkaka wa kokonati ndi chinangwa, amayi aja akupikisana kundiuza amene anakwatiwa, amene anabereka ndi amene anathawa mwamuna, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinamva mapewa anga akutsika. Nditayamba kufotokoza za ntchito ndi kalata, a Miliakere sanandilole n'kumaliza komwe. Anati alemba okha ndi dzanja lawo, ndipo ngati bwanayo sakhutira, gulu lonse likwera boti kukamuuza pamaso. Zikanathera pamenepo, bwenzi lero ndili pantchito. Koma ine, mtima utayera, ndinatsegula chikwama.

Onse anasamba m'manja asanaligwire. Linayenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, akuliyeza kulemera, wina n'kunena kuti likhoza kupha nkhanu yaikulu ndi kumenya kamodzi. Zithunzi zinawaseketsa, chifukwa zinali za manja ndi misana yokhayokha, nkhope ndinali nditadula. A Miliakere anakatenga magalasi awo m'nyumba. Chingelezi ankachiwerenga pang'onopang'ono koma molondola, chala chili pamzere. Anayambira patsamba lothokoza. Anawerenga dzina la Mulungu, a aphunzitsi anga awiri, la bungwe londilipirira sukulu, la achimwene anga ndi la mlamu wanga. Mzere womaliza unkathokoza amayi a m'Mudzi B. Anandifunsa ngati ndinakachitanso kafukufuku kwina, ndipo ndinati ayi, Mudzi B ndi konkuno.

Anatsegula pakati, n'kugwera pa ndime ya makwawa opumitsidwa aja. Anaiwerenga mokweza akumasulira anzawo: Mayi 9 anati khwawa lili ngati mwamuna, ukamalipitira tsiku lililonse limakuzolowera n'kusiya kukupatsa kanthu. Khonde lonse linafa ndi phwete. Wina anati palibenso munthu wolankhula chonchi m'mudzi muno, ameneyu ndi Mili basi, ndipo pomwepo anayamba kuwaitana kuti a Naini. Aliyense anafuna kudziwa nambala yake. Amene anapezeka kuti ndi Mayi 14 anadandaula kuti ngakhale kusukulu sanakhalepo womaliza. A Miliakere anaseka nawo. Kenako anatembenuza tsamba, linanso, n'kubwerera m'mbuyo, chala chikufufuza, ndipo kuseka kunazilala kokha.

"Torika, amayi anga ali patsamba liti?"

Ndinafotokoza za komiti ija, kuti ndi lamulo la kuyunivesite, kuti mayina amabisidwa pofuna kuteteza anthu, ndiponso kuti zinalembedwa papepala limene anasaina tsiku loyamba. Zonsezo zinali zoona. Za kabokosi kachiwiri sindinanene.

"Kutiteteza kwa ndani? Kwa nkhanu?"

Palibe anaseka.

"Dzina langa lisiye, mwana iwe. Ine ndilipo, pakamwa ndili napo, ndikhoza kudzitchula ndekha. Koma a Unaisi adzitchula bwanji? Nanga a Vasemaca? Ndinakupatsa mayina asanu. Ndinaima m'matope, madzi akubwera, kudikira kuti ulembe, ndipo unalemba ine ndikuona. Unakawataya kuti?"

Ndinati ali m'kope langa kunyumba. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti katundu wake ali bwinobwino, kungoti ali m'nyumba ya wina. Anatseka bukulo, anapukuta ndi nsalu yawo pamene chala chinadetsa, n'kundibwezera ndi manja awiri. Anati mphatso yolemera chonchi alibe poisunga, denga lawo limadontha. Kenako anabwerera ku nkhanu zawo, ndipo amayi ena aja mmodzimmodzi anayamba kukumbukira ntchito zimene anasiya kunyumba. Manyazi amene ndinali nawo sindinawamvepo chibadwire, ndipo bukulo linali pamiyendo panga, kosaliponyera kulibe.

Sanandithamangitse, ndipo kumeneko ndiye kunandipweteka kwambiri. Ndinagona m'chipinda changa chakale. M'mawa anandiphikira tiyi wa masamba a mandimu ngati kale, tikucheza za mvula ndi za mmene ogula a ku Nausori akuchitira nkhanza pamitengo. Za kalata sindinayerekeze kufunsa, ndinali nditaisiya m'manja mwa Mulungu. Koma tili padoko, boti litaliza kale injini, anatulutsa envelopu yomata, n'kundipatsanso nkhanu ziwiri zomanga kuti ndikapatse achimwene. Anati lonjezo ndi lonjezo, ndipo zonse zimene alembamo ndi zoona.

Ndinapirira mtsinje wonse osaitsegula, koma m'basi ndinalephera. Linali tsamba limodzi long'amba m'kope, zilembo zazikulu zoongoka. Kalatayo inkati wophunzira wina anabwera m'mudzi mwathu n'kukhala miyezi isanu. Sanadandaule ndi matope kapena udzudzu, ankanyamula yekha thumba lake, ankatsuka mbale osauzidwa. Mayi wina atadwala anamuperekeza kuchipatala pa boti n'kukhala naye masiku awiri. Amamvetsera, ndipo chimene wauzidwa amalemba. Womulemba ntchito sadzanong'oneza bondo. Pamwamba, pamene pamakhala adiresi, panalembedwa Mudzi B. Pansi pake anasaina kuti Mayi 9. Dzina langa munalibemo.

Palibe munthu anali atandinenerapo zabwino chonchi, ngakhale aphunzitsi amene ndinawathokoza ndi mayina awo onse. Ndinalira m'basimo, nkhanu zikukwakwaza m'thumba pamapazi panga, mpaka mayi woyandikana nane anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Lachisanu ndinafika kuofesi kwa a Goundar ola lathunthu nthawi isanakwane. Ndinakhala pa benchi panja, kalata ili pabondo, cholembera chili m'manja. Malo analipo. Pafupi ndi mawu oti wophunzira wina panali mpata woti dzina langa likwane, ndipo pansi pa Mayi 9 panali mpata wa dzina lawo ndi la mudzi. Zilembo zawo sizinali zovuta kutengera. A Goundar sakanadziwa, ndipo ndinadziuza kuti si bodza, poti zonse zinkanena za ine. Ndinaganiza za zaka zanga makumi atatu ndi chimodzi, ndikudyabe chakudya cha achimwene, ndipo ndinavula chitsekero cha cholembera. Koma dzanja linakana. Dzina la munthu ndinalichotsa osamufunsa, ndiye lero ndilibwezenso osamufunsa, pa tsiku limene lili ndi phindu kwa ine? Ndinabweza cholembera m'chikwama ndili wokwiya, ndi iwo, ndi komiti, makamaka ndi ine mwini.

A Goundar anaiwerenga mpaka pansi, anaitembenuza kumbuyo, kunalibe kanthu.

"Kalata yabwino kwambiri iyi, mayi Torika. Koma ikunena za ndani, nanga walemba ndani?"

"Ikunena za ine, bwana. Alemba mmene ine ndinawalembera iwo."

Ndinawafotokozera zonse, za kabokosi kachiwiri zomwe, ndipo anali munthu woyamba kumva zimenezo kuchoka pakamwa panga. Anamvetsera osandidula. Kenako anafunsa ngati angawaimbire foni mayiwo kuti amve okha. Ndinati sindingawapatse dzina: lamulo limene ndinachonga ndekha silindilola kuulula kuti Mayi 9 ndani, ndipo eni ake sanalilembe. Anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. Anati iwo akundikhulupirira, koma akuluakulu a bungwe amafuna kalata ya dzina, ndipo mnzanga uja wabweretsa zitatu. Anandithokoza chifukwa chonena zoona, mawu amene munthu sungagulire nawo buledi, n'kundiperekeza mpaka pakhomo. Tonse tinadziwa kuti zatha.

Kunyumba sindinafune kupita msanga. Ndinayenda wapansi mpaka kuyunivesite, ndinakwera masitepe a ofesi ya komiti ija, n'kufunsa mlembi wake ngati pali njira yobwezera mayina m'buku limene linaperekedwa kale. Anati njira ilipo. Anandipatsa fomu ya masamba asanu ndi limodzi, nandichenjeza kuti yankho limatenga theka la chaka, ndiponso kuti munthu aliyense wofuna kutchulidwa asaine yekha pamzere wake, mboni ili pomwepo.

Ndinafunsa za amene anamwalira. Anayang'ana fomuyo kutsogolo ndi kumbuyo, anakafunsa mnzake wa tebulo lina, n'kudzandiuza mwaulemu kuti popanda siginecha dzina silingalowe. Mwa mayina asanu amene a Miliakere anandipatsa ataima m'matope, wotha kugwira cholembera panalibe ndi mmodzi yemwe.